Pamene CD Yakana Kubeneka

Mawu akuti "kubena" tinawabwereka ku Chingerezi, ndipo tanthauzo lake ndi kuwotcha. Zaka za m'ma 2000 mawuwa anafala kwambiri kwathu kuno ku Ntcheu. Munthu ukayenda mumsewu wa M1 kuchokera pa Kampepuza, kudutsa pa boma mpaka kukafika pa Lizulu, unkapeza tinyumba tambiri momwe munkakhala mnyamata ndi kompyuta yake, sipika yaikulu ili pakhomo, anthu akubwera kudzabenetsa nyimbo. Lero tinyumba tambiri totere tinasintha ntchito, tikuika nyimbo m'mafoni ndi m'mamemori khadi, ndipo malaputopu ambiri atsopano akubwera opanda ndi kakhomo kolowetsera CD komwe. Komabe ntchito yobena siinatheretu, ndipo iye amene ifika pa iye lero amapeza zovuta zomwe zija zakale, koma anthu odziwa kuzithetsa atachepa. N'chifukwa chake ndaganiza zolemba zimene ndinaona ndi kuphunzira, kuti mwina zithandize anzanga, abambo athu ndi makolo.

Poyamba tiyenera kudziwa chimene chimachitika m'kati mwa kompyuta pamene tikubena, pakuti munthu sangachize nthenda asanadziwe thupi. CD inatuluka m'chaka cha 1982 kuchokera ku makampani awiri, Philips ya ku Netherlands ndi Sony ya ku Japan. Ndi kambale ka pulasitiki ka masentimita 12 m'mimba mwake. Ma CD oyambawo ankadindidwa ku fakitale, ndipo munthu wamba sakanatha kulembapo kanthu. Mu 1988 makampani omwewa anakonza malamulo a CD yoti munthu n'kulembapo yekha, imene timaitcha CD-R. M'kati mwa CD-R muli utoto wopyapyala kwambiri, ndipo kuseri kwa utotowo kuli kachitsulo konyezimira ngati kalilole. Pobena, kuwala kwamphamvu kotchedwa laser kumatentha utotowo timadontho ting'onoting'ono, motsata kanjira kozungulira kamene kamayambira pakati pa CD kupita kumphepete. Kanjirako kataongoledwa kangatalike makilomita oposa 5. Tsono malo amene apsa apsa basi, sangabwererenso mwakale. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka, ndipo pa nkhani ya CD-R mawuwa ndi oona kwathunthu. Pepala ukalakwitsa umafufuta, fulashi umachotsamo n'kuikamonso, koma CD-R ikalakwika pakati yapita, pamodzi ndi ndalama imene unagulira.

Ntchitoyi inandipeza ine chifukwa cha agogo anga aamuna. Iwo anali Mngoni wa kwa Gomani, wodziwa nyimbo za ngoma ndi mbiri ya makolo. Anali mnyamata mu 1953 pamene Inkosi Gomani II anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, boma la atsamunda n'kuwachotsa pa ufumu, ndipo ankakonda kufotokoza momwe anthu a m'midzi yathu anaimvera nkhaniyo. Asanamwalire, msuweni wanga anawajambula mawu pa foni madzulo angapo, zonse pamodzi maola atatu ndi theka. Mmenemo muli mayina a azigogo athu mpaka mibadwo isanu, malire a minda ya banja, ndi nyimbo zina za mawu a Chingoni amene ife achinyamata sitiwamvanso. Itakwana nthawi yomanga chiliza, amalume analamula kuti nyumba iliyonse ya pabanja pathu ilandire mawu a agogo. Ena anati tingotumizirana pa WhatsApp, koma amalume anakana. Iwo anati foni imabedwa, fulashi ana amabwereka n'kufufutamo zonse kuti aikemo nyimbo zovinira, koma CD palibe mwana angaifufute. Ndiponso azakhali a ku Tsangano ndi abale athu a kutsidya ku Ulongue, m'dziko la Mozambique, ali ndi mawailesi oimba CD koma alibe mafoni a intaneti. Motero anandituma ine kuti ndikabenetse ma CD khumi.

Ndinapita kwa mnyamata wina wa pa malo ena a malonda amene anali akadali ndi kompyuta yakale yokhala ndi chobenera. CD yoyamba inafika pakati, magetsi n'kuzima. Atayakanso tinapeza kuti CD ija siingapitirizidwe ndiponso siingawerengeke. Ili ndilo vuto loyamba, ndipo ndi losavuta kulimvetsa: laser ikayamba ulendo wake pa kanjira kaja iyenera kufika kumapeto osadukiza. Mankhwala ake ndi kubenera pa laputopu imene batire lake ndi lodzaza, kapena kulumikiza kompyuta ku batire losungira magetsi. Amene akugwiritsa ntchito jenereta ayambe waona mafuta asanadine batani.

Pali vuto lina lofanana ndi limeneli limene limadza ngakhale magetsi alipo. Chobenera chili ndi kankhokwe kakang'ono komwe kompyuta imathiramo mafayilo, laser n'kumatapa m'menemo. Zili ngati pa chigayo: ngati wothira chimanga achedwa, chigayo chimangolira chopanda kanthu. Kompyuta ikatanganidwa ndi ntchito zina, monga kuonetsa kanema kapena kukopera nyimbo za kasitomala wina, kankhokwe kaja kamauma ndipo kubena kumaduka. Azungu vutoli amalitcha buffer underrun. Cha m'ma 2000 kampani ya Sanyo inatulukira njira yoti laser izitha kuima kaye n'kupitiriza pamene inalekezera, motero zobenera zambiri za pambuyo pake sizivutika kwambiri ndi nthenda imeneyi. Komabe pa kompyuta yokalamba ndi bwino kutseka mapulogalamu onse, ndiponso kukopera kaye mafayilo kuchoka pa fulashi kapena pa foni kuwaika m'kompyuta momwemo. Kubena molunjika kuchokera pa fulashi n'kudziputira mavuto, chifukwa fulashi ikangogwedezeka pang'ono ntchito yonse yaonongeka.

CD yachiwiri ndi yachitatu zinakanidwa zisanayambe n'komwe. Mnyamata uja anayamba kudandaula kuti chobenera chake chafa, ndipo kasitomala wina amene anakhala pabenchi ananong'ona kuti mwina mwini mawuwo sakufuna kuti mawu ake atsekeredwe m'mbale. Tinaseka, koma ndinaona kuti mnyamatayo sanaseke kwenikweni. Chimene chinatipulumutsa ndi kufunsa, paja safunsa anadya phula. Mkulu wina wokonza mawailesi pafupi pomwepo anatifotokozera kuti chobenera chisanayambe kulemba chimayesa kaye mphamvu ya laser pa kamalo kapadera kamene kali pafupi ndi pakati pa CD. Ngati utoto wa CD uli wosakhala bwino, kapena diso la laser lili ndi fumbi, mayesowo amalephera ndipo kompyuta imakana. Ma CD amene tinagulawo anali otsika mtengo, opanda dzina la kampani, ndipo anakhalitsa pa shelefu pomwe dzuwa limawomba. Kunja ankanyezimira ndithu, koma chinali chikomekome cha nkuyu. Titagula a mtundu wina, chobenera chomwe chija chimene amati chafa chinayamba kugwira ntchito.

Mkulu yemweyo anatiuzanso kuti tichepetse liwiro. Pa CD pamalembedwa nambala monga 52x, ndipo anthu ambiri amaganiza kuti ayenera kubena pa liwiro lomwelo. Nambalayo ikungonena malire ake. Pa liwiro la 1x, CD ya mphindi 80 imatenga mphindi 80 kuti idzaze. Pa 8x imatenga pafupifupi mphindi 10, ndipo pa 52x imatha m'mphindi zitatu zokha, koma apo n'kuti ikuzungulira maulendo oposa 10,000 pa mphindi imodzi. Pa liwiro lotero, chobenera chokalamba chimanjenjemera ndipo timadontho tija sitituluka bwino. Kompyuta ingathe kuwerenga CD yotere, koma wailesi yakale imadumphadumpha kapena kuikana. Ife tinasankha 8x. Mnyamata uja sanakondwere chifukwa makasitomala ena ankadikira, koma kuthamanga sikufika, ndipo mphindi khumi n'zochepa poyerekeza ndi ulendo wobwereranso kuchokera ku Tsangano.

Za fumbi nazo ndi zoona. Mwezi wa Ogasiti kwathu kumakhala mphepo ndi fumbi, ndipo tinyumba ta m'mbali mwa msewu timalandira fumbi la galimoto iliyonse yodutsa. Diso la laser ndi kagalasi kakang'ono ngati njere ya mapira. Pa laputopu kamaoneka mukatsegula kathireyi, ndipo mungathe kukapukuta mofatsa ndi kathonje koyera. Osakanda ndi chikhadabo kapena kuuzira ndi pakamwa, pakuti mpweya wa m'kamwa umasiya chinyezi.

CD yachinayi inatha bwinobwino, kompyuta n'kunena kuti zonse zayenda. Ndinapita nayo kunyumba mokondwa, amalume n'kuilowetsa m'wailesi yawo. Wailesi inazungulira kanthawi, kenaka inalemba kuti "No Disc".

"Mphwanga," anatero amalume, "wailesi ikuti mulibe kanthu umu. Kodi mnyamata ujayu watidyera ndalama?"

"Iyayi amalume," ndinayankha, "mawu a agogo alimo, ndawamva ndekha pa kompyuta. Tiyeni tifufuze kaye tisanamuloze chala."

Apa ndi pamene pagona vuto limene limasokoneza anthu ambiri. CD ingabenedwe m'njira ziwiri. Njira yoyamba ndi yosungira mafayilo: kompyuta imangoika mafayilo monga momwe alili, kaya ndi zithunzi, makalata kapena nyimbo za MP3, mpaka akwane mamegabaiti 700. Njira yachiwiri ndi ya mawu, yofanana ndi ma CD a oimba ogula m'sitolo. M'njira imeneyi kompyuta imasandutsa mawu kukhala mtundu umene wailesi iliyonse ya CD imaumva, ndipo muyeso wake sukhalanso mamegabaiti koma mphindi: CD imodzi imalowa mphindi 80 basi, ndi zigawo zosapitirira 99. Mphindi imodzi ya MP3 wamba imadya pafupifupi megabaiti imodzi, pamene mphindi imodzi ya mawu a m'njira yachiwiriyi imadya pafupifupi 10. Mnyamata uja anazolowera njira yoyamba chifukwa makasitomala ake amafuna nyimbo zambirimbiri m'mbale imodzi, ndipo ma DVD a m'nyumba zawo amawerenga MP3. Wailesi ya amalume ndi yakale, siidziwa kuti MP3 n'chiyani.

Zimenezi zinabweretsa nkhani ina imene sinali ya kompyuta ayi. Maola atatu ndi theka sangalowe m'mphindi 80, ndipo ndalama zogulira ma CD atatu nyumba iliyonse panalibe. Banja linayenera kukhala pansi n'kusankha. Azakhali anafuna nyimbo za ngoma, amalume anafuna mayina a makolo ndi malire a minda, amayi anga anafuna pomwe agogo akuseka pofotokoza za ukwati wawo. Tinamvetsera zonse usiku uwiri, tikulemba pa pepala pamene nkhani iliyonse yayambira ndi pamene yathera. Pomaliza tinagwirizana kuti nyumba iliyonse ilandire CD ya mawu ya mphindi 76, ndipo ma CD awiri osungira mafayilo, okhala ndi maola onse atatu ndi theka, asungidwe wina kwa amalume, wina kwa msuweni wanga ku Lilongwe. Sitinadzaze mpaka pa 80 chifukwa kumphepete kwa CD ndi kumene kumayamba kuonongeka ndi zala ndi zokanda.

Pali zifukwa zinanso ziwiri zimene wailesi imakanira CD imene kompyuta ikuiwerenga. Choyamba ndi kusatseka CD. Pomaliza kubena, chobenera chimalemba mndandanda wa zam'katimu pafupi ndi pakati pa CD, ndipo wailesi imayamba yawerenga mndandandawo. Mapulogalamu ena amasiya CD yosatseka kuti mudzathe kuonjezeramo zina tsiku lina, ndipo wailesi ikapanda kupeza mndandanda imati mulibe kanthu. Pa Windows, mukalowetsa CD yatsopano mumafunsidwa ngati mukufuna kuigwiritsa ntchito ngati fulashi kapena pa chipangizo choimbira ma CD. Ngati ndi yopita kwa anthu ena, sankhani chachiwiricho. Pa pulogalamu ya Nero, imene inatuluka ku Germany mu 1997 ndipo inali pa kompyuta pafupifupi iliyonse yobenera kwathu kuno, pali kabokosi kochonga kuti CD itsekedwe. Chifukwa chachiwiri ndi mtundu wa CD. Pali ina yotchedwa CD-RW, imene inabwera mu 1997, yotheka kufufuta ndi kulembanso. Imeneyi siibweza kuwala kwambiri ngati CD-R, motero mawailesi akale amalephera kuiona. Wogula ayang'anitsitse zilembo za pa CD asanapereke ndalama. Ayang'anenso ngati sanapatsidwe DVD, chifukwa maonekedwe ndi amodzi koma DVD siingaimbe m'wailesi ya CD.

Nthawi zina vuto silikhala pa CD kapena pa chobenera koma pa fayilo yeniyeniyo. Makompyuta amene amalandira mafulashi a anthu ambiri sachedwa kugwidwa ndi vairasi. Pali vairasi ina yofala imene imabisa mafayilo enieni n'kusiya tizithunzi tongolozera, tokhala ndi mayina omwewo. Munthu wosadziwa amabena tizithunzito, n'kukapeza kunyumba kuti wanyamula chikwangwani, nyumba yatsala. Njira yodziwira ndi kuyang'ana kukula kwa fayilo: mawu a ola lathunthu sangakhale kilobaiti imodzi kapena ziwiri. Ndi bwinonso kutsegula fayilo iliyonse ndi kuimvera koyambirira, pakati ndi kumapeto musanabene. Mayina a mafayilo akhale aafupi. Njira yolembera mayina pa CD yotchedwa Joliet, imene kampani ya Microsoft inakonza mu 1995, imalola zilembo 64 zokha, ndipo dzina lotalika kuposa apo limadulidwa kapena kukanidwa.

Pa zonsezi, chimene ndinatolapo chachikulu ndi dongosolo la kafufuzidwe. Chinthu chikakanika, ambirife timathamangira kunena chachikulu: kompyuta yafa, mnyamata ndi wakuba, kapena pali dzanja la munthu. Mkulu wokonza mawailesi uja sankatero. Iye ankayamba ndi chinthu chotsika mtengo kupita ku chokwera mtengo, ndipo ankasintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Amayamba waona fayilo, chifukwa kuona n'kwaulere. Kenaka amaona njira yobenera ndi liwiro. Zikakanika amasintha mtundu wa CD, kenaka amapukuta diso la laser, ndipo pokhapokha zonsezi zitalephera ndi pamene amanena kuti chobenera chatha. Ukasintha zinthu zitatu nthawi imodzi ntchito n'kutheka, sudziwa chimene chachiza, ndipo mawa vuto likabweranso uyambiranso pachiyambi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikanatsata maganizo oyamba aja, bwenzi mnyamata uja atataya chobenera chabwinobwino, ndipo amalume atadana ndi munthu wosalakwa.

CD ikatha kubenedwa ntchito siinathe. Mapulogalamu ambiri ali ndi njira yoyerekeza zimene zalembedwa pa CD ndi zimene zili m'kompyuta, ndipo ngakhale imatenga mphindi zina zingapo, ndi yofunika. Pambuyo pake kayeseni CD pa wailesi yeniyeni imene izikaimbidwapo. Ife tinanyamula wailesi ya amalume pa njinga kupita nayo komweko, ndipo CD iliyonse inayesedwa tisanalipire. Polemba dzina pa CD gwiritsani ntchito cholembera cha nsonga yofewa. Ambiri amateteza mbali yonyezimira yokha, osadziwa kuti kachitsulo kaja kali pafupi kwambiri ndi mbali ya pamwamba yolembapo, kotero kuti bolopeni ingathe kukaboola. Popukuta, yambirani pakati kupita kumphepete, osati mozungulira, chifukwa chokanda chotsata kanjira kaja chimaononga mawu ambiri otsatizana.

Ndisaiwale kunena za chilungamo. Mawu a agogo ndi a banja lathu, ndipo tingabene ma CD ochuluka monga tifunira. Nyimbo za oimba si choncho. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza eni luso mu 1989, bungwe la COSOMA linayamba ntchito mu 1992, ndipo lamulo latsopano linabwera mu 2016. Oimba ndi makwaya ambiri anadandaula m'zaka zija kuti iwo alipira situdiyo, koma chimbale chikangotuluka ena akuchibena n'kumagulitsa popanda mwini wake kuonapo kanthu. Luso lobena n'lofanana ndi mpeni, ndipo mwini luso ayenera kudziwa cha yani chimene akubenacho.

Pomaliza, tisanamizane kuti CD ndi yamuyaya. Utoto uja umafooka ndi dzuwa, kutentha ndi chinyezi, ndipo ma CD otsika mtengo ena amayamba kukana patangopita zaka zochepa. Zobenera ndi zowerengera nazo zikusowa chaka ndi chaka. N'chifukwa chake mawu a agogo tinawasunganso m'kompyuta ndi pa intaneti, ndipo mayina a makolo ndi malire a minda tinawalemba m'kope ndi inki. Makolo athu okondedwa, m'masutikesi mwanu muli ma CD a zaka za m'ma 2000, a maukwati, a zithunzi za ana ndi a abale amene anatisiya. Ana anu akabwera ku tchuthi, apatseni ma CD amenewo akawayese pamene makompyuta owawerenga akadapezeka, ndipo zimene zikuwerengekabe azikopere malo awiri kapena atatu. Ndipo ngati pakhomo panu pali agogo amene akadali ndi mphamvu zofotokoza, foni yojambulira mawu ili m'thumba mwanu kale.